Oliyo wa Kumgodi, Mota ya Mkamwini

Aphungu,

Ndikulemberani nditakhala kuseri kwa tchalitchi, pepala lili pabondo, chifukwa kunyumba kuli maso ambiri ndipo nkhani yangayi ikukhudza munthu amene sindingamuyankhe ngakhale atandiponda phazi.

Ndine bambo wa zaka 34, mlimi wa mbatata ya kachewere ndi kabichi kuno kumapiri a Zóbuè. Ndinabadwira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, makolo n'kubwera nane kuno mtendere utabwerera. Ndinakwatira m'mudzi wa eni ake, ndiye kuti ndine mkamwini. Munda umene ndimalima ndi wa kuchikazi, nyumba ndinamanga pamene anandilozera ndi chala. Changachanga pamudzipo ndi chimodzi chokha: mota, njinga yamoto ya 150, imene ndinagula chaka chatha nditasunga za mbatata nyengo zitatu.

Mkazi wanga Isaura ndi woyembekezera, ndipo kwatsala masabata atatu kapena anayi. Mwana wathu woyamba, Judite, anabadwa mochita kung'amba. Anamwino anatiuza mosabisa kuti ulendo uno zikangoyamba tisachedwe ngakhale ola limodzi. Kuchoka pamudzi kukafika pa msewu wa tala ndi makilomita 14, ndipo pakati pake pali chitunda cha Kalumphe, chamiyala, chokhota kawiri. Shapa, minibasi yonyamula anthu, safika kwathu. Mota ina pamudzipo palibe. Mvula nayo yayamba kuwopseza.

Tsono vuto ndi ili. Atsibweni ake a Isaura, amene tonse timawaitana kuti Tiyo Salvador, ndiwo mwini mbumba. Iwowa amagwira ntchito ku Moatize chiyambire pamene malasha anatchuka, kukampani ina yokonza makamiyau, malole akuluakulu a mumgodi. Kutha kwa mwezi uliwonse amabwera kumudzi atavala ovolosi ya mizere yowala ndi majombo, m'manja muli chigubu cha malita asanu. Asanamwe n'madzi omwe amaitana: "Akamwini, tulutsani mota!" Amagwada okha, amamasula bawuti ya pansi okha, amakhetsa oliyo wakale, n'kuthira wa m'chigubu chawo. Mudzi wonse umaonerera. Akamaliza amapukuta m'manja n'kunena kuti: "Oliyo ameneyu amamwa makamiyau oti tayala limodzi n'lalitali kuposa nyumba yanuyi. Ndiye kanjinga kanuka kangadandaule chiyani?" Azimayi amawomba m'manja. Inenso ndimawomba.

Mmene amaupezera oliyoyo anatifotokozera okha, monyadira. Akuti migolo ikatha, asanaichotse pamalo, iwo amaipendeketsa, zotsalira n'kumadonthera m'chigubu. Mgolo uliwonse umene watha sabata imeneyo. Akuti si kuba, n'zotaya kale. Koma Aphungu, mwezi wa Juni oliyoyo anali wofiira ngati juwisi wa ana. Wa Julayi anali woyera, wamadzimadzi ngati mafuta okazingira mandasi. Wa Ogasiti anali wonanda, wonunkha ngati dzira lowola, moti Judite anathawa atatseka mphuno. Wa mwezi wathawu sindingathe kutchula mtundu wake.

Mota inayamba kusintha pang'onopang'ono. Injini imatentha mpaka kuwotcha mwendo kudutsa thalauza. Mkati mumamveka kugogoda ngati wina akumenya supuni pa mbale. Magiya amalimba. Kenaka inayamba khalidwe lina: ndikapotokola moto pachitunda, injini imalira kwambiri koma mota osathamanga, ngati ikupalasa mumchenga.

Mu Seputembala ndinalimba mtima. Ndinagula oliyo kumsika wa Zóbuè, wa m'botolo la madzi akumwa, wogulitsayo atalumbira kuti ndi yemweyo wa pa bomba pothirira petulo, kungoti iye amagula wambiri n'kumagawa. Ndinakathira kudimba kuti pasaone munthu. Koma apongozi aakazi anatola botolo lija kuseri kwa khola. Tiyo atabwera anaitana anthu onse pabwalo, n'kuyamba ndi Chinyungwe chawo chimene anatola kumgodi: "Bzabwino, bzabwino! Ndamva kuti akamwini apeza injiniya wina kumsika. Ife amene timameza fumbi la malasha kuti tikunyamulireni zinthu za azungu ndife zitsiru. Nenani pano, oliyo wanga ndi wauve?" Ndinagwada, ndinapepesa. Anakhetsera pansi wanga uja, n'kuthira wawo.

Mwina mukuti ndine wamantha. Koma ine ndinaona zimene zinachitikira Márcio, mwamuna wa Silvia, mng'ono wake wa Isaura. Iye anangowatsutsa pagulu pa nkhani ya feteleza. Sanamutukwane, sanamumenye. Nyengo yotsatira dimba limene ankalima linangopatsidwa kwa wina, moni n'kuyamba kumuchepera. Lero ali ku Moatize, akusenza katundu pamsika, Silvia ali yekha ndi ana awiri.

Lachinayi lapitali ndinanyamula Isaura kupita naye kusikelo. Pokhota pachiwiri pa Kalumphe, injini inakuwa ngati nkhumba yogwidwa miyendo, koma mota inaima. Kenaka inayamba kubwerera m'mbuyo. Ndinaponda buleki, tayala n'kumaterereka pamiyala. Isaura anatsika sindikudziwa bwanji, anagwira kamtengo ka m'mphepete, chitenje n'kung'ambika. Ine ndinagwa ndi mota cham'mbali. Iye anakwera chitunda chonsecho wapansi, dzanja lina pamimba, lina pachiuno, kupuma katatu. Atafika pamwamba anakhala pamwala, thukuta lili kamukamu, n'kundiyang'ana nthawi yaitali ine ndikukankha mota.

Anati: "Bambo a Judite, lero ndakwera chifukwa miyendo ikadali yanga. Tsiku lijalo mudzandikoka pa chiguduli?"

Ndinati ndikonza.

Anati: "Mukonza ndi chiyani, ndi kuwomba m'manja? Inu mumaopa Tiyo kuposa mmene mumaopera maliro anga."

Ndinamupempha kuti asakanene kwa amayi ake, chifukwa zikafika kwa Tiyo ziwoneka ngati ndikuwanamizira kuti akufuna kupha mdzukulu. Anavomera, koma kuchokera tsiku limenelo amandiyankha ndi mawu amodziamodzi.

Ali kusikelo ine ndinapita ndi mota kwa mesitiri Amós, makaniko wa pafupi ndi siteji. Anaviika chala mu oliyo, ananunkhiza, n'kulavula. Anati: "Shamwali, munathira chiyani umu? Ndiwo za dzana?" Anati embrayaje ikutsetsereka, ija a tsidya la malire amati kilatchi. Nditamufotokozera za chigubu anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anasiya kuseka n'kunena kuti: "Ine ndikhoza kukonza lero. Koma Loweruka akathiranso, ndiye kuti tataya nthawi tonse. Mubwere mukadziwa mwini wake wa motayi."

Ndinazungulira mashopu atatu. Wina anati ndigule wolembedwa 20W-50 chifukwa ndi wonanda, ndiye wamphamvu. Wina anati 2T chifukwa mota ili ndi matayala awiri. Wachitatu anandionetsa wa galimoto zing'onozing'ono, wodula kuposa onse, n'kuti wodula ndiye wabwino. Kabuku ka mota ndili nako koma n'ka Chingerezi ndi Chitchaina.

Tiyo abwera Loweruka likudzali ndi chigubu china. Aphungu, ndithire oliyo uti? Kodi n'zoona kuti wa makamiyau akuwononga mota yanga, kapena ndine wosayamika? Nanga ndingawakanize bwanji munthu amene munda, dimba ndi malo a nyumba yanga zili m'manja mwake? Usiku sindigona, masana ndikalima ndimangoona Isaura atagwira kamtengo kaja.

O. N. M., Zóbuè

YANKHO

Bambo O. N. M.,

Ndinatha zaka zisanu ku yunivesite ndikuphunzira za makina, kenaka dziko linandilemba ntchito yoyankha makalata a anthu amene akazi awo asiya kuwaseka. Inu ndinu woyamba kundibweretsera zonse ziwiri m'chigubu chimodzi, ndiye ndikanakonda kukhala pansi n'kukusekani bwinobwino. Koma nthawi mulibe, choncho ndikusekani mofulumira.

Mwandifunsa mafunso atatu, ndipo lofunika kwambiri simunalifunse. Ndiyamba ndi limenelo. Mayi amene anang'ambidwapo kale, kwatsala masabata atatu, sayenera kukhala kuseri kwa chitunda kudikira kuti aone ngati injini ivomere. Ngakhale mota yanu ikanakhala yatsopano, yothiridwa oliyo wodalitsidwa ndi ansembe atatu, ndikanakuuzani zomwezi. Mawa m'mawa pitani kuchipatala, mukafunse anamwino za kuchidikiro, nyumba imene amayi oyembekezera a kutali amakhalamo podikira tsiku lawo. Mukawafunsenso molunjika ngati Isaura ayenera kudikirira pomwepo kapena pafupi ndi chipatala chokhala ndi chipinda cha opaleshoni, ku Moatize kapena ku Tete. Zimenezo anene ndi iwo, osati ine kapena inu. Ndipo apite sabata ino, masana, kunja kuli kouma, pa ngolo ya ng'ombe kapena pa mota ya munthu wina imene mwaiona ndi maso anu ikukwera Kalumphe. Pa yanuyo asakwere. Judite akhale ndi Silvia. Mukachita chimenechi, zina zonse zimene zatsala ndi nkhani ya zitsulo ndi manyazi, ndipo ziwirizi sizipha munthu.

Tsopano za m'chigubu. Inu si wosayamika. Ndinu munthu amene wakhala akuyamika zinthu zolakwika mwezi ndi mwezi, ndi manja awiri.

Kamiyau wa mumgodi samwa oliyo wa mtundu umodzi. Ali ndi mimba zingapo, iliyonse ndi chakudya chake. Kuchokera kuno sindingalumbire, koma mmene mwafotokozera, wofiira uja ayenera kuti ndi wa magiya odzisintha okha kapena wa chiwongolero. Woyera wamadzimadzi uja akuwoneka ngati wokwezera bodi potaya malasha. Ntchito yake n'kukankha, sanapangidwe kuti akhale pafupi ndi moto wa injini. Wonanda wonunkha dzira lowola ndi wa magiya a kumatayala a kumbuyo, ndipo fungolo ndi la mankhwala amene amamuthira kuti apirire mano a zitsulo zolemera. Uliwonse ndi wabwino kwambiri pamalo pake. Koma nawonso madzi a batire, palafini ndi thobwa n'zabwino pamalo pake, ndipo sindinaonepo munthu akuzisakaniza m'chikho chimodzi n'kumwetsa mlendo chifukwa zonse zinachokera kunyumba ya munthu wolemera.

Kuti ndisawalakwire a Tiyo: chikanakhala kuti m'chigubumo munali oliyo wa injini ya dizilo yekhayekha, wochokera mumgolo umodzi wotsekedwa bwino, sindikanakuwa kwambiri. Mota zambiri m'chigawo chino zakalamba ndi ameneyo. Koma chanucho ndi msonkhano wa zotsalira za m'migolo, wowonjezera fumbi la malasha la ulere. Fumbi limenelo likalowa mu injini limagwira ntchito ngati mchenga wotsukira poto.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti mota ngati yanuyo ndi yosauka ngati mwini wake: ili ndi mphika umodzi. Lita imodzi yomweyo ya oliyo ndi imene imaziziritsa ndi kufewetsa injini, ndi yomweyo imasambitsa magiya, ndi yomweyonso imene embrayaje imakhalamo. Embrayaje ndi timbale toonda tosanjikizana, timene timayenera kugwirana zolimba kuti mphamvu ya injini ifike kutayala. Oliyo wa mota ayenera kuterera mokwanira kuti zitsulo zisadyane, koma osapitirira mpaka timbaleto kulephera kugwirana. Zikalephera, injini imakuwa, tayala osamva. Ndi zimene munaona pa Kalumphe. N'chifukwa chake wa shopu yachitatu uja, wa oliyo wodula wa galimoto zing'onozing'ono, mumupatse moni basi. Wambiri wa mtundu umenewo amamuthira mankhwala owonjezera kuterera kuti galimoto isamwe petulo wambiri, ndipo galimoto sizidandaula chifukwa embrayaje yake imakhala pouma. Yanu imasambira momwemo.

Wa shopu yachiwiri, amene anawerenga matayala, ndikufuna dzina lake kuti ndikamupatse mpando ku yunivesite. 2T si matayala awiri. Ndi oliyo wosakaniza ndi petulo kuti apsere limodzi, wa makina ocheka matabwa ndi mota zakale zija zofuka utsi wabuluu. Yanu ili ndi pothira oliyo pakepake ndi kamtengo koyezera, ndiye kuti ndi ya 4T.

Mukalowa m'shopu, musafunse wogulitsa kuti wabwino ndi uti, chifukwa wabwino nthawi zonse ndi amene watsala wambiri pa shelefu. Tembenuzani botolo nokha. Kutsogolo kukhale 4T. Kumbuyo, pa tizilembo ting'onoting'ono, mufune mawu akuti JASO MA kapena JASO MA2. Amenewo akutanthauza kuti oliyoyo anayesedwa ndi embrayaje yosambira mu oliyo ndipo siitsetsereka. Mukaona JASO MB, bwezani, ndi wa timota ta m'tauni topanda magiya. Kenaka manambala aja. Nambala ya kumanzere kwa W imanena mmene oliyo amayendera injini ikazizira, ngati m'mawa wa Juni kwanu kumapiriko. Ikachepa ndiye kuti amafika msanga m'zitsulo mukangoliza. Ya kumanja imanena mmene amakhalira wonanda injini ikapsa, ngati masana a Okutobala kuno ku Moatize kumene ngakhale mbuzi zimayenda m'mithunzi. Kabuku kanu n'ka Chitchaina, koma manambala a Chitchaina ndi omwewa. Tsegulani, mupeza pena palembedwa 10W-40, 15W-40 kapena 20W-50, ndipo tsatirani zimenezo. Mukapanda kupeza, 20W-50 wa 4T ndi amene mota zambiri za 150 zonyamula katundu m'dziko lotentha lino zimayendera. Wa shopu yoyamba anakhoza nambala, koma chifukwa chake anaphonya. Kunanda si mphamvu. Oliyo wonanda kupitirira muyezo amachedwa kukwera kumutu wa injini, zitsulo n'kumadyana zouma pamene inu mukunyadira kuti mwathira wamphamvu. Ndipo zopima oliyo pakati pa zala ziwiri zija musiye. Zala zanu sizitentha ngati injini.

Musaganize kuti mwapulumuka pa nkhani ya Seputembala. Munathawa chigubu chopanda dzina n'kukagula botolo lopanda dzina, ndiye mukufuna ndikuwombereni m'manja? Wa m'botolo la madzi akhoza kukhala weniweni, akhozanso kukhala wakale wokhetsedwa m'basi, wosefedwa pa nsanza n'kumusiya kuti adikhe. Kulumbira kwa wogulitsa sikulowa mu injini. Gulani pa bomba kapena m'shopu yokhazikika, botolo lotsekedwa kufakitale, mkombero wa chivindikiro usanathyoke. Mukamaliza kuthira, libooleni botololo ndi mpeni, chifukwa alipo anthu amene amatola mabotolo abwino n'kuwadzaza zinyalala.

Kwa mesitiri Amós pitani Loweruka lisanafike. Injini ithamange pang'ono kuti oliyo atenthe, akhetse yense m'beseni loyera, ndipo mulitengere padzuwa beseni limenelo. Mukaona tinthu tonyezimira ngati mamba a usipa, ndi zitsulo za injini yanu, ndipo Amós ayang'ane mkati chimene chikugogoda musanayendenso mtunda wautali. Atsuke kasefa ka oliyo ka pansi, atsukenso kapena asinthe sefa ya mpweya. Ayese waya wa embrayaje, chifukwa nthawi zina waya wokokedwa kwambiri umanamizira oliyo. Chogwirira chiyenera kusewera pang'ono chisanayambe kukoka. Koma mmene inakuwira pa Kalumphe, ndikukayika ngati timbale tija tapulumuka. Tikakhala takuda, tosalala ngati galasi, tonunkha chopserera, asinthe pamodzi ndi masipuling'i ake, ndipo tatsopanoto atinyike kaye mu oliyo watsopano asanatimange. Takaleto musataye, ndikuuzani ntchito yake. Athire muyezo umene walembedwa pafupi ndi chivindikiro, osati mpaka kusefukira. Mukayenda makilomita zana kapena mazana awiri, khetsaninso n'kuthira wina, kuti zotsalira za msonkhano uja zituluke. Pambuyo pake, m'misewu yanu ya fumbiyo, musadutse makilomita 1,000 kapena 1,500 osasintha, ndipo m'mawa uliwonse yezani ndi kamtengo kaja, mota itaima chilili pamalo osapendekeka. Oliyo akada musadabwe, ndiye kuti akutola uve. Wokhetsedwayo musakathire kudimba kapena mumtsinje.

Mabuleki awonenso. Mota yobwerera m'mbuyo munthu ataponda buleki ili ndi matenda awiri. Akamaliza zonse, mangani matumba awiri a mbatata kumbuyo, mukwere Kalumphe katatu. Mbatata ikagwa timatola.

Tatsala ndi a Tiyo Salvador, ndipo pano ndikuuzani zimene mwina simukufuna kumva. Cholakwa chanu chachikulu si oliyo. Ndi pamene munapempha mayi wapakati, atang'ambika chitenje pamiyala, kuti asunge chinsinsi kuti inu musaoneke woipa. Mumasuleni lero. Auze amayi ake zonse, ndi pakamwa pake, awaonetse ndi chitenjecho. Inu mwakhala mukuiwala mwambo umene mukuuopawo. Kwanuko mwana amene ali m'mimbayo ndi wa mbumba ya a Tiyo kuposa mmene alili wanu. Isaura ndi magazi awo. Munthu amene ali ndi chifukwa chachikulu choopera Kalumphe pamudzi ponsepo ndi iwowo, kungoti palibe amene wawauza, chifukwa aliyense ali kalikiliki kuwomba m'manja.

Márcio anawatsutsa pabwalo, inu munawazembera kudimba. Njira zonse ziwiri zimamuuza munthu wamkulu kuti ndi chitsiru, ina mokweza, ina monong'ona. Yachitatu ndi iyi. Tumani nkhoswe yanu iwaimbire lamya Loweruka lisanafike, inene kuti akamwini ali ndi vuto la makina limene likufuna nzeru zawo. Akatsika shapa, muwachingamire pa tala, inu ndi nkhosweyo, kutali ndi azimayi ndi ana. Muwaike timbale topserera tija m'manja. Munthu amene wakhala zaka zonsezi pakati pa amakaniko timbale totere amatiwerenga ngati kalata. Kenaka mufunse ngati wophunzira, maso pansi, mawu ofewa: "Abambo, kuntchito kwanu munthu akasakaniza wofiira uja ndi wonunkha uja n'kuthira mu injini ya kamiyau, amamutani?" Yankho akulidziwa. Amachotsedwa ntchito dzuwa lisanapendeke. Kumgodi mgolo uliwonse uli ndi chizindikiro chake, ndipo iwo ndi amene amagubuduza migoloyo.

Musadikire kuti apepese, sadzapepesa, ndipo simukufuna kupepesa kwawo. Ine ndikuganiza kuti chimene amanyamula kuchokera ku Moatize si oliyo kwenikweni. Munthu amene mwezi wonse amatumidwa ndi mabwana achinyamata a zipewa zoyera amafuna tsiku limodzi loti agwade pakati pa abale ake ngati katswiri, anthu n'kumuonerera. Tsiku limenelo musawalande. Khalani ndi botolo lachiwiri la 4T lotsekedwa, muwapatse panjira pomwepo, kuti akafika pamudzi athyole okha chivindikiro, athire okha, anene okha kuti afufuza n'kupeza kuti timota ting'onoting'ono tili ndi oliyo wake. Adzanena ngati nzeru ndi zawo. Asiyeni. Za m'chigubu zipite pa tcheni, pa matayala a ngolo ndi pa mahinjesi a zitseko, ndipo muziyamika mokweza, chifukwa kumeneko zimagwiradi ntchito.

Sindikulonjezani kuti zidzatero. Alipo akuluakulu amene amasankha kukhala olondola ngakhale zitsulo zopserera zili m'manja mwawo, ndipo mwina dimba lidzapita ngati la Márcio. Zikafika pamenepo, dziwani kuti Isaura adzafunika kubwerera kumudzi ndi bala la pamimba ndi khanda m'manja, ndipo chitunda chija potsika n'choopsa kuposa pokwera. Choncho akakana zonse, n'kugwada ndi chigubu chawo pamaso pa mudzi wonse, inunso gwadani pambali pawo. Musakweze mawu, musatchule za kuba, musatchule za ufiti. Ikani dzanja lanu pa chivindikiro cha injini, munene kuti, "Abambo, pepani, oliyo uyu yekha ayi." Adzakuyang'anani. Dzanjalo musachotse.

Aphungu